Batani Lili ndi Chimfine

Ku Mufakose, kuseri kwa golosale ya Mai Kambewa,
kuli kachipinda ka makanema awiri ndi benchi yopendama.
Dola imodzi magemu atatu a mpira, ukaluza udzuke.
Mawuwa anabadwira m'menemo,
Lachinayi masana, magetsi atangoyaka kumene.

Ganizani anali atamwetsedwa zigoli zisanu ndi Tapfuma,
kamwana ka fomu wanu, kolala ya shati ili mbuu.
Tonse tinkadikira kuti anamizira chiyani.
Anagwedeza kontirola pafupi ndi khutu
ngati wailesi yotha mabatire,
ndipo m'Chichewa chimene sankachiyankhula pagulu,
chimene ankachivula pakhomo ngati nsapato za kutchalitchi,
anati: batani ili lili ndi chimfine.

Ine ndi Lameki tinagwa pabenchi.
Anzathu a Chishona anaseka poona ife tikuseka,
kenako anafunsa, tinawamasulira,
anasekanso, ulendo uno mpaka misozi.

M'mawa mwake Rumbidzai anajambula kontirola
ataifunditsa bulangeti, ndimu wodula pambali pake,
naponya chithunzicho pagulu lathu la pafoni.
Sabata isanathe chinali chitaswana:
kontirola pamzere wa kuchipatala,
kontirola akuifukiza masamba mu beseni,
ina atainyamula pawilibala, mabatani ali pululu.

Ukaphonya penate, chimfine.
Goloboyi wako akaima ngati polo ya magetsi, chimfine.
Kombi itatifera pafupi ndi Mbare
Tapfuma anangoti, injini yayamba kukhosomola,
ife anayi tinaphulika, basi yonse kutiyang'ana.
Lameki anauza aphunzitsi a masamu
kuti homuweki yake yagonekedwa.
Theka la kalasi linaluma milomo,
theka lina linangoti kakasi.
Umu ndi mmene tinkadziwira athu.

Koma mwini mawu anasiya kubwera.
Miyezi iwiri malo ake pabenchi ankakhala zikwama.
Nditampeza pamjigo akudikira madzi
anati, mukuseka lilime la bambo anga,
monga ankachitira aja ku pulayimale
pondikuwiza kuti achimwene, achimwene,
pakamwa atapotoza dala.
Ndinasowa chomuyankha.
Mwina ena ankasekadi zimenezo.
Ine ndinkaseka zigoli zisanu zija.
Zigubu zathu zinadzaza, aliyense analowera kwawo.

Ankasewerabe, tinamva, usiku pa intaneti,
pamakina obwereka kwa msuweni wake,
bandulo ya pakati pa usiku, mawu atatsitsa.
Tsiku lina anakwapula mlendo zinayi kwa chimodzi,
munthu wosamudziwa nkhope,
wa kutsidya kuja kwa mipanda yaitali ndi agalu onenepa,
amene sanapondepo ku Mufakose,
amene sadziwa kuti kuli Ganizani padziko.
Gemu itatha mlendoyo analemba mawu amodzi okha,
natumiza kontirola ya m'bulangeti,
chithunzi chotuwa ndi kutumizidwatumizidwa,
ndimu uja atasanduka kadontho kachikasu.

Loweruka tinangoona chitseko chatseguka.
Sanapereke moni. Anatiika foni pamphuno.
Taonani, anatero, walemba chimufini.
Mawu anga, munthu mpaka kuwalemba chonchi?
Ndamukonzera. Ndamuuza kuti pakati palibe u,
kumapeto ndi e,
ndipo akafuna kudziwa tanthauzo abwere adzaluze kuno.

Mai Kambewa analandira dola yake osadzutsa mutu,
anangoti zikwamazo zichoke pabenchi.
Anakhala. Anapukuta kontirola ndi shati.
Tapfuma, amene tsopano watalika kuposa chitseko,
anakhala pambali pake.

Analuza ziwiri kwa chimodzi, chachiwiri cha mphindi yomaliza.
Anaika kontirola pansi mwaulemu.
Sanatchule batani.
Chipinda chonse chinali zii,
firiji ya m'golosale yokha ikulira kuseri kwa khoma,
aliyense akuyang'ana zala zake,
mpaka Ganizani anakweza mutu,
kutiyang'ana mmodzimmodzi,
n'kuyetsemula.